Za Makalata Ofunsira Nchito Yophunzitsa Cingerezi ku Maiko Akutali



Ndiganiza kuti mwa inu nonse palibe amene sanafunsirepo nchito. Ena munaimirira pa mzere kunja kwa ofesi kuyambira mbandakuca, mapepala ali m'thumba la malaya. Ena munalemba kalata, nimuipinda bwino, nimudikira yankho masabata ambiri, koma yankho silinabwere. Mbali imeneyo ya tebulo tonse tiidziwa. Lero ndifuna kuti tizungulire, tikakhale pa mpando wa uja amene alandira makalatawo, tione cimene iye aona. Tebulo limene ndasankha liri kutali, ku maiko a kum'mawa kwa Asia, kumene masukulu alemba anthu ocokera kunja kuti adzaphunzitse ana ao Cingerezi.

Nchito imeneyi ndi yaikulu koposa m'mene ambiri a ife tiganizira. Boma la Japan linayamba makonzedwe ochedwa JET m'caka ca 1987, ndipo caka coyambaco linaitana anthu 848 ocokera ku maiko anai, ndiwo America, Britain, Australia ndi New Zealand. South Korea inayamba makonzedwe ace, amene lero achedwa EPIK, m'caka ca 1995. Pambali pa masukulu a boma pali masukulu a anthu wamba osawerengeka, kumene ana apita madzulo ataweruka ku sukulu yeniyeni. Ku Korea awacha hagwon. Ku China, ku Vietnam, ku Thailand ndi ku Taiwan afunanso aphunzitsi otere. Makolo a kumeneko adzimana zambiri kuti mwana amve Cingerezi kucokera m'kamwa mwa mlendo, pakuti akhulupirira kuti ndico cidzamtsegulire njira ya ku yunivesite ndi ya nchito yabwino.

Ife a m'dziko lino tisayese kuti iyi ndi nkhani ya eni ace okha. Pamene Zambia analandira ufulu m'caka ca 1964, ana a dziko lino amene anatsiriza maphunziro a yunivesite anali ngati 100 okha, ndipo masukulu a sekondale amene anamangidwa mofulumira m'zaka zotsatira anadzala ndi aphunzitsi ocokera ku Britain, ku Ireland, ku India ndi kwina. Akulu ena amene muli kumvera munaphunzitsidwa ndi iwowo. Munthu wina anakhala pansi nawerenga makalata ao, nasankha. Ndipo m'mene iye anasankhira, ndimo inu munaphunzirira. Lero zatembenuka, ana athu ndi adzukulu athu ndiwo ali kulemba makalata opita kunja.

Tsono tiyerekeze kuti inu ndinu mwini wa sukulu yaing'ono mu mzinda wa Busan, pa gombe la nyanja ku South Korea. Mphunzitsi wanu wacilendo ali kucoka ikatha miyezi iwiri. Mwalengeza pa intaneti kuti mufuna wina, ndipo makalata ayamba kugwa ngati mvula ya m'Januwale. Mwambo wa kumeneko ndi wakuti sukulu ipatsa mphunzitsi nyumba, kawirikawiri ilipiranso ulendo wace wa pa ndege, ndipo pangano likhala la caka cathunthu. Citupa ca boma comulola kulowa m'dziko ndi kugwira nchito, cimene acicha viza, cimangidwa pa dzina la sukulu yanu. Munthuyo simunamuonepo. Kwao simukudziwa, ndipo palibe mfumu kapena mbale amene mungamfunse za khalidwe lace. Ku mgodi munthu watsopano ayesedwa ndi dotolo, ndipo kapitao amuyang'ana masiku oyamba m'mene agwirira fosholo. Inu muli ndi pepala lokha, ndipo pa pepala limenelo mudzapereka ana a eni ace m'manja mwa mlendo.

Inu a pansi pa mgodi mudziwa kuti kampani isanakumbe malo atsopano iyamba yaboola nthaka ndi kutulutsa timiyala tocepa, ndipo pa timiyala timeneto aweruza ngati pansipo pali mkuwa wokwanira. Kalata ya munthu wofuna kuphunzitsa Cingerezi iri ngati kamwala kotere. Mmisiri wa matabwa angathe kulemba kalata yoipa nakhalabe mmisiri wabwino, pakuti nchito yace iri m'manja. Koma mphunzitsi wa cinenero akalemba kalata, waonetsa kale nchito yace. Cifukwa cace wolemba anthu salakwa akaiyang'anitsitsa. Cimene ndifuna kunena ine ndi cakuti makalata oipa saipa mofanana, ndipo munthu wosadziwa kuwasiyanitsa adzataya mphunzitsi wabwino natola woipa.

Tiyambe ndi makalata a mphwayi, pakuti ndiwo oculuka pa mulupo. Pali kalata ya mizere iwiri, yopanda moni, yopanda dzina pansi pace, yongofunsa kuti malipiro ndi angati ndipo chuthi ndi masiku angati. Pali ina yonena kuti mwini wace wakhala ali kulakalaka kuona Thailand kuyambira ubwana wace, pamene sukulu yanu iri ku Korea. Apo mudziwa kuti kalata imodzimodziyo yatumizidwa ku masukulu makumimakumi, ndipo iye sanabvutike ngakhale kusintha dzina la dziko. Munapempha cithunzi, ndipo wakutumizirani ca ku phwando, botolo liri m'dzanja, phewa la mnzace amene wamdula likali kuonekera pambali. Munapempha mapepala atatu, watumiza limodzi, nalemba kuti enawo mudzawaona mukamlemba nchito. Ndipo pali ina yolembedwa bwino ndithu, koma kuyambira pamwamba kufikira pansi iri kukamba za iye mwini: afuna kuyenda, afuna kubweza ngongole ya ku yunivesite, watopa ndi cisanu ca kwao. Za ana mulibe liu ngakhale limodzi.

Apa ndisanamizire munthu. Kufuna kuona dziko si chimo, ndipo kufuna ndarama si chimo. Makolo athu amene anayenda pansi kupita ku Johannesburg ndi ku Wankie sanapite cifukwa cokonda mdima wa pansi pa nthaka. Koma atafika pa zenera la ofesi anaonetsa mikono yao, osati njala yao yokha. Wofunsira nchito ayenera kunena cimene wabwera naco.

Kalata ya mphwayi iikeni pambali, wosapsa mtima. Cifukwa cace si cakuti yakunyozani inu, koma cakuti yakuuzani zoona za mwini wace. Munthu amene sanawerenge cidziwitso canu ca mizere khumi sadzawerenga buku la ana asanalowe m'kalasi. Ine ndinakhalapo nyengo ina ndi mnzanga amene anali kuyang'anira sukulu yotere, ndipo ndinamthandiza kuwerenga makalata. Nthawi inamthera, masukulu anali pafupi kutsegulidwa, ndipo anatenga mnyamata wina wa kalata ya mizere iwiri, nati, bola munthu akhalepo. Mnyamatayo anakhala miyezi itatu. Usiku wa tsiku limene analandira malipiro anamanga katundu nakwera ndege, wosatsazika. Lolemba ana anakhala pa mipando yao kudikira, ndipo sabata isanathe makolo ena anacotsa ana ao. Kuthawa kotere kudziwika bwino pakati pa aphunzitsi acilendo a ku Korea, ndipo akucha kuthawa kwa pakati pa usiku. Kunena zoona, ambiri athawa cifukwa sukulu yawabera malipiro kapena yaswa pangano; koma uyu sanalakwiridwe kanthu. Anangotopa, monga anatopa polemba kalata.

Cinthu cimodzi cimene ndidana naco ndi ici: alipo olemba anthu amene atenga makalata otere nawaika pa intaneti kuti anzao aseke. Kalata ya nchito iri ndi dzina la munthu, kumene akhala, ndi nkhope yace. Anaipereka kwa inu nokha. Ngakhale ikhale yopusa cotani, si yanu kuti muiyanike pa bwalo.

Tsono tifike pa makalata amene andikhudza ine koposa, ndiwo makalata ooneka acilendo koma osakhala a mphwayi. Akulu mukumbukira makalaliki a kale amene anali kukhala pafupi ndi positi ofesi kulembera anthu makalata. Kalata inali kuyamba ndi mau akuti "I beg most humbly to apply", ndipo inali kutha ndi mau odzicha kapolo womvera wa bwana. Umo ndimo masukulu a nthawi ya Atsamunda anaphunzitsira, ndipo kalembedwe kameneko kakalipo m'malo ena a Africa ndi India. Manijala wacinyamata wobadwira ku London kapena ku Toronto akaona kalata yotere aseka, naiponya m'dengu. Koma kodi yamuuza ciani? Yamuuza kuti munthuyo anaphunzitsidwa ulemu wa mtundu wina, ndipo wausunga. Za uphunzitsi wace siinanene kanthu koipa.

Miyambo ya makalata isiyana dziko ndi dziko. Ku Britain ndi ku America munthu saika cithunzi cace, kapena zaka zace, kapena kunena ngati ali pa banja, cifukwa malamulo a kumeneko aletsa kusankha anthu potsata zotere, ndipo makampani safuna n'kuziona komwe. Ku Japan kuli pepala lace lochedwa rirekisho, lokhala ndi malo a cithunzi, ndipo mwambo wa kale unali wakuti lilembedwe pa manja. Ukaphonya cilembo cimodzi sufafaniza, uyambanso pepala lina. Kuno kwathu ambiri alemba cipembedzo cao, mtundu wao, ana ao, ndi sukulu iri yonse kuyambira kalasi yoyamba. Munthu amene alandira makalata ocokera ku maiko khumi, nawayesa onse ndi muyeso wa kwao kokha, ali ngati wogula cimanga amene akana thumba cifukwa lasokedwa ndi ulusi wa mtundu wina.

Pa mulu wa mnzanga uja panali kalata ya mai wina wacikulire wa ku South Africa. Inali ya masamba anai, yodzala ndi mau aulemu, ndipo tsamba loyamba lonse linali mbiri ya makolo ace ndi mpingo wace. Ine ndemwe ndinati tiitaye. Mnzanga anaiwerenga kufikira tsamba lacitatu, ndipo pamenepo maiyo anafotokoza m'mene anaphunzitsira ana oposa 50 m'cipinda cimodzi ndi mabuku owerengeka, m'mene anali kuwagawira timagulu, ndi m'mene anali kudziwira mwana amene ali kungotsata milomo ya anzace wosamva kanthu. Pa makalata onse a tsiku limenelo, iyi yokha ndiyo inali ndi ana m'kati mwace. Ndinacita manyazi, ndipo kufikira lero sinditaya kalata ndisanafike kumapeto.

Nanga zophonya za Cingerezi? Apa pafunika maso awiri. Kulipo kuphonya kwa cala, pamene cilembo cimodzi cagwa kapena ziwiri zasinthana malo. Kumeneko kucitikira munthu ali yense, ndipo kamodzi kapena kawiri ine ndikhululuka. Kulinso kusiyana kwa kalembedwe ka ku Britain ndi ka ku America, monga "colour" ndi "color", kumene sikuphonya konse, ngakhale alipo amanijala amene acita cizindikiro cofiira pamenepo. Koma munthu akasokoneza za dzulo ndi za mawa m'ciganizo ciri conse, kapena akaphonya liu limodzimodzilo kasanu, si cala cimene calakwa, sadziwa. Ameneyo angakhale munthu wabwino ndi wacifundo, koma adzalemba zomwezo pa bolodi, ndipo ana adzazikopera m'makope ao. Kumkana ameneyo si nkhanza.

Ndinene ndithu kuti makalata ambiri osalongosoka abadwa ndi cidziwitso cosalongosoka. Sukulu ilengeza kuti ifuna mphunzitsi wansangala, malipiro abwino, lembani msanga. Siinena kuti ana ndi a zaka zingati, maola ndi angati, ndarama ndi zingati, mapepala ofunika ndi ati. Pambuyo pace mwini sukulu adandaula kuti anthu ali kungofunsa za malipiro. Afunse ciani nanga? Nenani zonse poyera, ndipo pa mapeto ikani funso limodzi limene munthu sangaliyankhe ndi kalata yokonzeratu, monga lakuti, mutapatsidwa ana a zaka 7 osadziwa liu limodzi la Cingerezi, mudzacita nao ciani m'phunziro loyamba? Wa mphwayi sadzaliona n'komwe funsolo, ndipo wadzicotsa yekha. Winayo amene wayankha bwino koma waiwala pepala, kapena watumiza cithunzi cosayenera, mbwezereni mau kamodzi, mumuuze cimene casowa. M'mene adzalandirire mau amenewo mudzaphunzirapo zambiri. Wina athokoza nakonza tsiku lomwelo. Wina akwiya nakuuzani kuti masukulu ena sanamfunse zotere.

Kalata yoopsa koposa zonse siioneka yoipa iai. Ndi yoyera, ya Cingerezi cosalala, yokhala ndi digiri ya dzina lomveka ndi mboni zoyamika munthu ngati mngelo. Akulu anati cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. M'caka ca 2015 nyuzipepala ya New York Times inaulula za kampani ya ku Karachi, ku Pakistan, yochedwa Axact, imene inali kugulitsa madigiri a mayunivesite amene kulibe. Mayunivesitewo anali ndi maina okoma ndi masamba ao pa intaneti, ndipo ena ooneka ngati aphunzitsi ace anali anthu olipidwa kucita sewero. Ndipo tisaloze cala kutali kokha, pakuti m'caka ca 2017 bungwe la Teaching Council of Zambia linapeza aphunzitsi mazana angapo m'masukulu athu omwe ali ndi masetifiketi abodza.

Ngakhale setifiketi yosakhala yabodza iyenera kufunsidwa. Ambiri atumiza pepala lolembedwa zilembo zinai, TEFL, kutanthauza kuti anaphunzira kaphunzitsidwe ka Cingerezi kwa alendo. Koma dzina limeneli liribe mwini mmodzi woliyang'anira. Ena alipata atakhala masiku awiri pa kompyuta, osaimirirapo pamaso pa wophunzira ngakhale mmodzi. Ena ali ndi setifiketi yochedwa CELTA, yocokera ku Cambridge, imene muzu wace ndi maphunziro amene John Haycraft anayambitsa ku International House mu London m'caka ca 1962. Imeneyo itenga maola ngati 120, ndipo mwa amenewo maola 6 munthu aphunzitsa ophunzira enieni, womyesa ali kuyang'ana. Sindinena kuti yokhayo ndiyo yabwino. Ndinena kuti funso loyenera si lakuti muli ndi pepala kodi, koma lakuti ndani anakuonani muli kuphunzitsa, ndipo kwa maola angati.

Inu a ku migodi mudziwa cifukwa cace munthu saloledwa kuphulitsa miyala wopanda citupa cace ca boma. Wa citupa cabodza sadzipha yekha, apha anzace. M'sukulu ngozi yace iri pa ana. M'mwezi wa Okotobala 2007 apolisi a maiko onse, a Interpol, anafalitsa cithunzi ca mwamuna wina wa ku Canada amene anali kufunidwa pa mlandu woononga ana ang'ono. Anapezeka kuti pa nthawi yomweyo anali kuphunzitsa Cingerezi ku South Korea. Anathawira ku Thailand, ndipo kumeneko anagwidwa. M'Disembala wa caka comweco boma la Korea linalamula kuti mphunzitsi wacilendo aonetse kalata ya apolisi a kwao yonena kuti alibe mlandu, ndiponso ayesedwe ndi dotolo. Digiri ndi kalata ya apolisi ziyenera kukhala ndi cidindo cochedwa apostille, cimene maiko anapangana ku The Hague m'caka ca 1961, cotsimikiza kuti pepalalo lacokeradi kumene linena.

Koma cidindo sicicotsa nchito ya wolemba anthu. Kalata ya mboni imene munthu wabwera nayo yekha musaidalire kwambiri, pakuti palibe amene anyamula kalata yomnenera zoipa. Funani nokha nambala ya sukulu imene anacokerako, osati imene iye wakupatsani, muimbe, ndipo mufunse funso limodzi: atabweranso, mungamlandire kodi? Mverani yankho, mumverenso kanthawi kamene munthuyo akhala cete asanayankhe. Yang'anani zaka m'mbiri yace ya nchito. Ngati pali caka cosachulidwa, funsani. Kawirikawiri yankho likhala labwino, monga kudwala kapena kulera mwana. Koma munthu amene wakhala m'maiko asanu m'zaka zitatu, wosatsiriza pangano ngakhale limodzi, ayenera kufotokoza.

Masiku ano pabukanso bvuto lina. Kuyambira m'mwezi wa Novembala 2022, pamene makina ochedwa ChatGPT anaperekedwa kwa anthu onse, munthu ali yense angathe kuuza kompyuta kuti imlembere kalata, ndipo ituluka yopanda cilema. Kamwala kathu kaja tsopano kangathe kukhala kogula. Zotere zinacitikapo m'migodi. Kampani ya ku Canada yochedwa Bre-X inanena kuti yapeza golidi woculuka zedi pa cisumbu ca Borneo, ndipo anthu anaikamo ndarama zao. M'caka ca 1997 cinaululika kuti m'timiyala toyesedwa munali kuwazidwa fumbi la golidi wocokera kwina. Cinyengoco cinagwidwa pamene kampani ina inapita niboola maenje aceace pambali pa maenje ao, nipeza kuti pansipo palibe kanthu. Wolemba aphunzitsi acite comweco. Aitane munthuyo pa kompyuta kuti aonane nkhope, amfunse za mau amene ali m'kalata yace, amuuze kuti aphunzitse kanthu kakang'ono kwa mphindi khumi, ndipo alembe ndime imodzi pomwepo maso ali kuona. Mutu umodzi susenza denga, cotero pakhale anthu awiri omvera. Ndipo popeza kusalala kwa kalata kwatsika mtengo, kalata yokhota pang'ono koma yokhala ndi ana m'kati mwace, monga ya mai uja, yakwera mtengo.

Tsopano nditembenukire kwa eni masukulu okhaokha, pakuti ulesi ndi mwano siziri mbali imodzi yokha ya tebulo. Lamulo la South Korea lipereka viza yophunzitsira Cingerezi, yochedwa E-2, makamaka kwa nzika za maiko asanu ndi awiri: America, Canada, Britain, Ireland, Australia, New Zealand ndi South Africa. Zambia palibe. Mwini sukulu sanapange lamulo limenelo, ndipo sangathe kulilumpha; koma ayenera kulinena m'cidziwitso cace, kuti mwana wa ku Kitwe kapena wa ku Chipata asataye ndarama zace pa mapepala ndi zidindo za nchito imene sangaipate. Cimene ciri coipa ndi cija cimene lamulo silinalamule. Zaoneka zidziwitso, ku China ndi ku Korea, zonena poyera kuti afuna mphunzitsi woyera khungu. Ndipo kumene sanena poyera, cithunzi cija copemphedwa cisanduka sefa. M'caka ca 2014 nyuzipepala zinalemba za mtsikana wa ku Ireland amene anafunsira nchito ku Korea, nayankhidwa kuti anthu a mtundu wace salembedwa cifukwa ndi akumwa mowa. Kodi pa makalata awiri amenewo, ya mtsikanayo ndi ya womyankha, yopanda ulemu inali iti?

Eni masukulu ayankha kuti makolo ndiwo afuna nkhope yotere, ndipo sukulu ikataya makolo yafa. M'menemo muli coona, ndipo sindicipeputsa. Koma ine ndiona kuti kubadwira m'cinenero sikupanga munthu kukhala mphunzitsi wace. Inu mwalankhula Cinyanja kuyambira pa msana pa amai anu. Kodi mungathe kufotokozera mlendo cifukwa cace tinena munthu wabwino, koma cinthu cabwino, ndi zinthu zabwino? Ambiri mudzati, timangotero. Mngerezi wosaphunzira uphunzitsi ayankha cimodzimodzi mwana wa ku Busan akamfunsa. Koma munthu amene anaphunzira Cingerezi pa benci, ciri cinenero cace cacitatu, adziwa pamene pali minga m'njiramo, pakuti inambaya iye mwini. Bungwe lalikulu la aphunzitsi a Cingerezi lochedwa TESOL linalengeza m'caka ca 2006 kuti litsutsa kusala aphunzitsi cifukwa cakuti Cingerezi si cinenero cobadwa naco. Mau amenewo sanasinthe malamulo a viza, koma mwini sukulu amene lamulo lamlola kusankha alibe pobisala.

Wokanidwa ayankhidwe. Mizere iwiri ikwana: talandira kalata yanu, tasankha wina, zikomo. Musamlalikire, ndipo musamlembere mndandanda wa zophonya zace ngati sanapemphe. Inu amene munadikirapo yankho masabata ambiri mudziwa kuti kukhala cete kupweteka koposa kukanidwa, pakuti munthu aleka kufunsira kwina ali kuyembekeza.

Ndisanatseke, liu limodzi kwa inu makolo amene ana anu ali kuganiza za ulendo wotere. Monga sukulu iwerenga kalata ya mwana wanu, iyenso awerenge kalata ya sukulu ndi maso omwewo. M'caka ca 2018 anyamata ndi atsikana 51 a ku South Africa anatsekerezedwa ku China, mapasipoti ao atagwidwa, cifukwa munthu wowapezera nchito anawalowetsa m'dzikomo ndi viza ya ophunzira m'malo mwa viza ya nchito, imene kumeneko ichedwa Z. Ndipo kukula kwa kampani sikuteteza munthu, pakuti m'Okotobala 2007 kampani ya Nova, imene inali yaikulu koposa masukulu onse otere ku Japan, inagwa, nisiya aphunzitsi acilendo zikwi zingapo osalandira malipiro ao, ena naturutsidwa m'nyumba zao. Kalata ya sukulu ichule dzina lace ndi kumene iri, mtundu wa viza, malipiro ndi tsiku lolandirira, maola a nchito, ndi amene adzalipire ulendo wobwerera. Ngati imlemba nchito tsiku lomwelo wosamfunsa funso ngakhale limodzi, kapena ifuna kuti iye ayambe watumiza ndarama, aiike pambali. Ndipo apemphe nambala ya mphunzitsi wacilendo amene ali pa sukulupo tsopano, amuimbire madzulo, bwana atapita kwao.